Quark imene palibe anaionapo: nambala ya kulemera kwake imachokera kuti?

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa aphunzitsi ena a fizikisi amene amawerenga zolemba zangazi. Akuti mwana wina m'kalasi mwawo anawafunsa ngati ma quark, mtundu wa tizidutswa timene timapanga zinthu monga mapulotoni, alipo 6 okha basi, kapena kwinakwake kukubisala ena olemera kuposa amene tikuwadziwawa. Iwo atapita kukafufuza kuti mwanayo akamuyankhe bwino, anabwerako mutu utaima. Pena akuti quark yachisanu ndi chiwiri ingalemere 400 GeV, pena akuti singapitirire 500, pena akuti ili kuseri kwa 1 TeV. Funso lawo ndi ili: "Manambala amenewa amawatenga kuti, chikhalirecho chinthucho palibe amene anachionapo? Kumeneku si kuombeza?"

Aphunzitsi, mawu akuti kuombezawo musachite nawo manyazi. Ena mwa manambalawa ndi oombezadi, kungoti oombezawo ali ndi madigiri. Koma alipo ena amene anachokera pa chinthu chimene chinayezedwa, ndipo amenewo akhala akulasa. Chovuta n'chakuti onse amalembedwa mofanana, nambala kenako GeV, moti wowerenga sangawasiyanitse ndi maso.

Tiyambe ndi muyezowo. GeV ndi muyezo wa mphamvu, koma poti mphamvu ndi kulemera n'zolumikizana monga anasonyezera Einstein, akatswiri amayezeranso kulemera kwa tizidutswa ndi muyezo womwewu. Pulotoni imodzi imalemera 0.938 GeV, ndiye mukamva 400 GeV muziona mapulotoni opitirira pang'ono 400. TeV imodzi ndi ma GeV 1,000, ndipo GeV imodzi ndi ma MeV 1,000. Quark ya up imalemera pafupifupi 2 MeV, ya down pafupifupi 5 MeV, ya strange siifika bwinobwino 100 MeV. Charm ili cha pa 1.3 GeV, bottom pa 4.2 GeV. Ikafika top ndiye zimachita kudumpha: 173 GeV, kachidutswa kamodzi kolemera ngati atomu yathunthu ya tungsten, chitsulo chija chinkayaka m'mababu akale. Kuchoka pa up kukafika pa top, kulemera kwachulukitsidwa pafupifupi ka 80,000.

Standard Model, chiphunzitso chimene chimafotokoza tizidutswa tonse topezeka mpaka pano, sichinena chifukwa chake manambalawa ali chonchi. Chimangonena kuti quark imalemera malinga ndi mmene imagwirirana ndi Higgs, chimene chimapatsa tizidutswa totere kulemera. Samu yake njachidule: tengani nambala ina imene amaitchula dzina la Yukawa, muichulukitse ndi 174 GeV. Hafu imodzi ya samuyi, 174 yo, inayezedwa kalekale. Hafu inayo chiphunzitsocho chimangosiya mpata woti ulembemo ukayeza. Ya top imatuluka pafupifupi 1, ya up imatuluka pafupifupi 0.00001. Choncho aliyense amene akukuuzani kulemera kwa quark yosapezeka sanakutenge m'samu imeneyi. Wadzera njira ina, ndipo funso lanu lonse lagona pa njirayo.

Njira imene ine ndimailemekeza ndi yowerenga mapazi. Malamulo a quantum amalola kuti kachidutswa kolemera kabadwe n'kufa m'kanthawi kochepa zedi, ngakhale pamalo pamene palibe mphamvu yokwanira kukapanga kuti kakhalitse. Kotere sikaoneka m'makina, koma kamasintha pang'ono liwiro limene zinthu zina zimachitikira, ndipo liwirolo timaliyeza. Mlenje akaona kuzama kwa phazi m'matope amadziwa kukula kwa nyama imene sanaione.

Umu ndi mmene charm inayezedwera isanapezeke. Murray Gell-Mann ndi George Zweig atabweretsa ganizo la ma quark mu 1964, analipo atatu okha: up, down ndi strange. Koma ndi atatuwo masamu ankanena kuti tizidutswa totchedwa kaon, tija topanda chaji, tizichita zinthu zina kawirikawiri, pomwe m'malabotale zinthuzo sizinkaoneka n'komwe, kapena zinkaoneka mwa apo ndi apo. Mu 1970 Sheldon Glashow, John Iliopoulos ndi Luciano Maiani anasonyeza kuti kutakhala quark yachinayi, gawo lake m'samumo lingafafanize gawo la up, zinthu n'kugwirizana ndi zimene zikuoneka. Apa ndi pamene pali pokoma. Kufafanizako kukanakhala kotheratu charm ikanalemera chimodzimodzi ndi up. Poti siilemera chimodzimodzi, pamatsala kachidutswa, ndipo kukula kwa kotsalako kumadalira kulemera kwa charm. Kotsalako kanali katayezedwa kale: kaon yopanda chaji imasanduka mnzake wotsutsana nayo (antiparticle yake) n'kubwereranso, ndipo izi zimachititsa kuti mitundu iwiri ya kaon isiyane kulemera ndi kanthu kosafika magawo anayi mwa magawo miliyoni a eV imodzi, ndiye kuti pafupifupi 0.0000035 eV (MeV imodzi ndi ma eV miliyoni). Mu 1974 Mary K. Gaillard ndi Benjamin W. Lee anatenga kanambala kameneka n'kubwerera nako m'mbuyo, n'kupeza kuti charm iyenera kukhala cha pa 1.5 GeV. Mu November chaka chomwecho, gulu la Samuel Ting ku Brookhaven ndi la Burton Richter ku SLAC, malabotale a ku America, anapeza kachidutswa kotchedwa J/psi, yolemera 3.1 GeV, kamene ndi charm yomangana ndi antiquark yake, mnzake wotsutsana nayo. Gawani 3.1 pawiri muone chimene chituluke.

Tsopano mumve za njira inayo, imene inachititsa anthu manyazi kwa zaka zoposa khumi.

Makoto Kobayashi ndi Toshihide Maskawa anali atanena kale mu 1973 kuti payenera kukhala banja lachitatu la ma quark, kuwonjezera pa la up ndi down ndi la charm ndi strange. Mu 1977 gulu la Leon Lederman ku Fermilab, labotale ina ya ku America, linapeza kachidutswa kotchedwa upsilon, kolemera pafupifupi 9.5 GeV, ndipo mmenemo munali bottom. Aliyense anadziwa kuti mnzake wa bottom alipo, ngakhale dzina anamupatsiratu. Chotsala chinali kulemera kwake. Phazi loti awerenge panthawiyo panalibe, ndiye anthu anayang'ana mndandanda. Mmene ankawerengera masiku amenewo, strange inali cha pa 0.5 GeV, charm pa 1.5, bottom pafupi ndi 4.5. Paliponse kuchulukitsa ndi 3. Ndani sangalembe 15 pa mzere wotsatira? Akatswiri ambiri analembadi manambala a m'dera limenelo, ena n'kuwaveka masamu ooneka ozama.

Makina a PETRA ku Hamburg, amene anayamba kugwira ntchito mu 1978, ankayembekezeka kuitola top mosavuta. Anakweza mphamvu chaka ndi chaka mpaka kupitirira 46 GeV, osapeza kanthu. Poti makina oterewa amapanga quark ndi antiquark yake pamodzi, izi zinatanthauza kuti top siili pansi pa 23 GeV. Ku Japan anamanga TRISTAN, imene inayamba mu 1986, ndipo chimodzi mwa zolinga zake zikuluzikulu chinali top yomweyo. Nayo inangokankhira malire cha pa 30 GeV. Pakati pa zimenezi, mu 1984, gulu la UA1 ku CERN, labotale yaikulu ya ku Ulaya, lotsogozedwa ndi Carlo Rubbia, amene anali atangopeza kumene tizidutswa ta W ndi Z, tonyamula mphamvu ina ya chilengedwe yotchedwa weak, linalengeza kuti laona zizindikiro za top cha pa 40 GeV. Zizindikirozo zinali zowerengeka pa zala. Atasonkhanitsa zambiri n'kuwerengera bwino zinthu wamba zimene zingaoneke ngati top, chizindikirocho chinasungunuka.

Chimene chimandichititsa chidwi pa zaka zimenezi n'chakuti makina akalephera, nambala yoombezedwa inkangosunthira patsogolo pang'ono, kukaima kuseri kwenikweni kwa malire atsopano, pamalo pamene makina otsatira angafikepo. Khalidwe limeneli musaliiwale, aphunzitsi, chifukwa tikumana nalonso.

Phazi loyamba la top linaoneka mu 1987. Gulu la ARGUS, ku Hamburg komweko, linapeza kuti B meson yopanda chaji, kachidutswa kokhala ndi bottom m'kati, imasanduka mnzake wotsutsana nayo mofulumira kuposa mmene ankayembekezera. Ndi nkhani ya kaon ija, koma apa amene akuponda ndi top. Kufulumirako kunasonyeza kuti top njolemera, mwina kupitirira 50 GeV. Phazi lachiwiri, lozama bwino, linali litalozedwa kale ndi Martinus Veltman mu 1977: quark ziwiri za banja limodzi zikasiyana kwambiri kulemera, zimasokoneza mgwirizano wa pakati pa kulemera kwa W ndi kwa Z, ndipo kusokonezako kumakula ngati kulemera kwa top mutakuchulukitsa ndi iko komwe. Top ikalemera kawiri, phazi limazama kanayi.

Kuti phazi limeneli liwerengeke panafunika kuyeza mosamala kodabwitsa. Makina a LEP, m'ngalande ya makilomita 27 pansi pa malire a Switzerland ndi France, anayamba mu 1989 kupanga ma Z mamiliyoni ambirimbiri, n'kupeza kuti Z imalemera 91.19 GeV. Kuyeza kwake kunafika poti ankaona mwezi: mphamvu ya mwezi ikakoka nthaka, ngalandeyo inkasintha utali pang'ono, mphamvu ya ma elekitironi n'kusintha nayo. Pambuyo pake anatulukiranso kuti magetsi othawa m'njanji ya sitima zothamanga zodutsa pafupi ankalowa m'maginito a makinawo. Zonsezi anazichotsera. Panthawiyo LEP inalibe mphamvu yopanga top ngakhale imodzi, koma pofika 1994 masamu ochokera pa miyezo imeneyi ankaloza pakati pa 170 ndi 180 GeV, n'kutheka kophonya ndi ma GeV pafupifupi 20 uku kapena uku. Mu March 1995 magulu a CDF ndi D0 ku Fermilab analengeza kuti aipeza top. CDF inati 176 GeV, D0 inati 199, ndipo miyezo itakhwima inakhazikika pafupi ndi 173. Oombeza ndi mndandanda aja anaphonya kakhumi ndi kupitirira.

Pali njira ina yachitatu, yosaloza pamalo koma yoika mpanda. Imafunsa kuti: kodi nambala ya Yukawa ija ingakule mpaka pati masamu asanayambe kunena zopanda nzeru? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Michael Chanowitz, Miguel Furman ndi Ian Hinchliffe anasonyeza kuti quark yotenga kulemera kwake kwa Higgs ikapitirira cha pa 500 GeV, masamu athu amayamba kutulutsa mwayi woposa 100 pa 100, chinthu chosatheka. Sikuti chilengedwe chimaletsa quark yotere, koma kuti pamenepo kuwerengera kwathu kwatha ntchito ndipo payenera kubwera china chatsopano. Ndiye 500 munaiona ija si kulemera kwa quark iliyonse. Ndi denga. Wina wa m'banja lomweli la maganizo ndi Christopher Hill, amene mu 1981 anasonyeza kuti nambala ya Yukawa ikayamba ili yaikulu pa mphamvu zapamwamba kwambiri, imatsetserekera pamalo amodzi ikamatsika, ndipo malowo ankapereka top yopitirira 200 GeV. Anaphonya, inde, koma pa nthawi imene anzake ankasaka pa 20 ndi pa 30, iye anali pafupi kuposa onsewo.

Tafika tsopano pa 400 GeV yanu. Imeneyi ndi ya banja lachinayi, ma quark awiri amene amawalemba t′ ndi b′, ofanana ndi top ndi bottom m'zonse kupatula kulemera. LEP inali itasonyeza kale kuti mitundu ya ma neutrino opepuka (tizidutswa topanda chaji, banja lililonse lili ndi kake) ilipo itatu yokha, koma izi sizinatseke khomo, poti neutrino yachinayi ikalemera kuposa hafu ya Z, cha pa 45 GeV, siingawerengedwe nawo. Panalinso chifukwa chabwino choifunira: banja lachinayi likanawonjezera kwambiri kusiyana kwa khalidwe pakati pa tizidutswa ndi anzawo otsutsana nato, kusiyana kumene kumafunika pofotokoza chifukwa chake chilengedwe chinatsala ndi zinthu m'malo mofafanizika chonse. Pofika zaka za m'ma 2010, makina a Tevatron a ku Fermilab anali atasesa mpaka cha pa 300 GeV osapeza kanthu. Denga lija linali cha pa 500. Phazi la Veltman linawonjeza kuti t′ ndi b′ zisatalikirane kulemera, zisiyane ndi ma GeV makumi angapo chabe. Pansi 300, pamwamba 500: wolemba pepala akafuna chitsanzo chowerengera ankatenga 400. Inali pakati pa zenera lotseguka, basi. Palibe muyezo umene unaloza pamenepo.

Zenera limenelo linatsekedwa mu 2012, ndipo mmene linatsekedwera ndi samu yoti mwana wanu uja angaitsate. Ku LHC, makina a ku CERN ogundanitsa mapulotoni, Higgs imapangidwa kawirikawiri ma gluon awiri (tizidutswa tomanga ma quark pamodzi) akagundana, kudzera mwa quark yolemera yobadwa n'kufa m'kanthawi kaja. Nthawi zambiri kachidutswa kakamalemera phazi lake limazilala. Koma quark yotenga kulemera kwa Higgs, ikamalemera m'pamenenso imagwirana kwambiri ndi Higgs, ndipo ziwirizi zimathetsana. Zotsatira zake n'zakuti quark iliyonse yolemera imaponda mofanana ndi top, kaya ilemere 400 kaya 4,000. Ilibe kothawira. Top yokha ndi 1. Onjezani t′ ndi b′, zakwana 3. Mu quantum mwayi umapezeka pochulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe, ndiye 3 kuchulukitsa ndi 3, ma Higgs akanamapangidwa pafupifupi ka 9 kuposa mmene mabanja atatu amanenera. Pa 4 July 2012 magulu a ATLAS ndi CMS analengeza Higgs ya 125 GeV, ndipo kuchuluka kwake, pamodzi ndi mmene imaswekera, kunagwirizana ndi mabanja atatu. Chaka chomwecho kusaka kwachindunji kunakankhira malire kupitirira 600 GeV, kubooleratu denga lija. Nkhani iliyonse ya banja lachinayi imene mungaipeze, muyambe mwaona chaka chimene inalembedwa.

Nanga 1 TeV? Imeneyo ndi ya nyama ina. Ma quark onse 6 ali ndi khalidwe lachilendo: mphamvu ya weak imakhudza mbali yawo yamanzere yokha, yamanja ayi (manzere ndi manja pano ndi kumene quark ikuzungulirira ikamayenda), ndipo tsankho limeneli ndi limene limawaletsa kukhala ndi kulemera kwawokwawo popanda Higgs. Koma munthu angathe kuganiza za quark imene mbali zake zonse ziwiri zimakhudzidwa mofanana. Amaitcha vector-like. Yotere siipempha kulemera kwa Higgs, choncho denga la 500 siliikhudza, ndipo samu ya ka 9 ija siigwira pa iyo. Ikalemera kwambiri phazi lake limangozilala. Ziphunzitso zambiri zopitirira Standard Model zili nayo, zina mpaka zili ndi ma quark a chaji chachilendo ngati 5/3.

Poti ilibe denga, nambala ya 1 TeV imachokera pa mtsutso wina. Top, pogwirana kwambiri ndi Higgs, imakokera kulemera kwa Higgs m'mwamba m'masamu. Kuti Higgs ikhalebe pa 125 GeV popanda manambala akuluakulu kufafanizana mwangozi, akatswiri ena amati payenera kukhala mnzake wa top wobweza kukokako, ndipo asakhale kutali kwambiri, penapake pafupi ndi 1 TeV. Mtsutsowu si wachibwana, ndipo anthu anzeru kundiposa amaukhulupirira. Koma taonani chimene waimapo: pa funso lakuti ndi mwangozi mochuluka bwanji mmene munthu angalolere. Wina amalola kufafanizana kwa gawo limodzi pa 10, wina pa 100, ndipo nambala ya kulemera imasuntha malinga ndi mtima wa wowerengerayo. LHC, ikugundanitsa mapulotoni pa 13 TeV, inasaka ma quark amenewa poyang'ana kusweka kwawo kukhala W ndi bottom, Z ndi top, kapena Higgs ndi top, ndipo malire anafika cha pa 1.3 TeV ndi kupitirira kutengera mtundu wake. Malire atasuntha, manambala a m'mapepala anasunthanso, kukaima kutsogolo pang'ono. Ine ndikaona zimenezi ndimakumbuka PETRA. Sindikunena kuti ma quark amenewa kulibe. Top inalipo ndithu pamene ankaiphonyaphonya. Ndikungonena kuti charm inali ndi kaon, top inali ndi Z, pomwe quark ya vector-like ilibe muyezo wotsimikizika umene ukuifuna pa kulemera kwakutikwakuti.

Kanthu kena kapambali, kuopa kuti mwanayo angakupezereni. Akakafufuza apeza kuti bottom pena yalembedwa 4.2 pena 4.8, top pena 173 pena 163. Si kulakwitsa. Quark siipezeka yokha, nthawi zonse imakhala yomangidwa ndi inzake ndiponso yokutidwa ndi ma gluon, ndiye kulemera kwake kumadalira pamene mwaika malire a quark ndi chofunda chake. Pulotoni yomwe ndi umboni: ma quark ake atatu mukawaphatikiza sakwana 10 MeV, pafupifupi gawo limodzi pa 100 la 938 MeV, ndipo zotsalazo ndi mphamvu ya ma gluon ndi kuyendayenda kwa m'katimo. Top yokha ndi imene imasweka isanamangidwe, poti moyo wake ndi waufupi kwambiri, pafupifupi 5 × 10⁻²⁵ ya sekondi, n'chifukwa chake kulemera kwake kumayezeka mwachindunji.

Kwa mwanayo mungamuuze kuti opezeka ndi 6, kuti banja lachinayi lofanana ndi atatuwa linatsutsidwa ndi miyezo ya Higgs, ndiponso kuti mitundu ina ya ma quark ikusakidwabe pamwamba pa 1 TeV. Koma ndikanakhala inu sindikanayamba ndi yankho. Ndikanalemba pa bolodi 0.5, 1.5 ndi 4.5, n'kuuza kalasi yonse kuti aliyense alembe papepala nambala yotsatira. Pafupifupi onse alemba 13.5, ena azungulitsa kuti 15, ndipo akhala otsimikiza ngati mmene analili amene ankadikira zotsatira za PETRA. Atoleni mapepalawo, muwawerenge mokweza limodzilimodzi, kenako mutembenukire ku bolodi mulembe 173.